Mphindi 20 pa Labala

Kabuku kamene ndikufuna kukambapo simungakapeze m'sitolo ya mabuku. N'kamasamba ochepa, komangidwa ndi waya pakati, ndipo mphunzitsi wa ng'oma wa mwana wa mchemwali wanga amakapereka kwa ophunzira ake onse teremu ikamayamba. Tsamba lililonse ndi sabata imodzi. Kumanzere kuli masiku, pakati pali malo olembapo mphindi zimene mwana wayeserera, kenako liwiro limene wafika pa metronome, kachipangizo kogogoda kosaphonya kaja, ndipo kumapeto kuli mzere woti kholo lisayine. Kwathu wosayina ndine, malume wake, chifukwa mayi ake amagwira ntchito ya mashifiti ndipo masiku ambiri amafika mwana atagona kale. Ndasayina timabuku titatu mpaka kumapeto. Ndiye ndikuona kuti ndili ndi ufulu wokaweruza monga timaweruzira buku lina lililonse: kakunena chiyani, kakusiya chiyani, ndipo kakuumba woimba wamtundu wanji.

Timakhala ku Protea Park, mu mzinda wa Rustenburg, m'munsi mwa mapiri a Magaliesberg. Kuno pafupifupi khomo lililonse limadya za mgodi wa pulatinamu, kaya ku Impala, kaya ku Sibanye, kaya ku makontilaka odalira migodiyo. Tanthauzo lake kwa mwana wophunzira ng'oma ndi lakuti nthawi iliyonse ya tsiku pali wina kuseri kwa khoma amene akugona. Wa shifiti ya usiku amagona masana, wa m'mawa amagona dzuwa litangolowa. Ng'oma yeniyeni siingalire pa nyumba zathu zogundanazi popanda kudana ndi anansi. Choncho mnyamata wathu, wa zaka 11, amaimba ng'oma zachizungu zenizeni kamodzi pa sabata, Lachitatu, kwa mphunzitsi wake. Masiku ena onse amamenya kachimbale ka labala kokula ngati mbale ya ndiwo, ali yekha kuchipinda, chitseko chotseka. Lamulo la m'kabuku ndi mphindi 20 tsiku lililonse.

Ndiyambe ndi kukayamikira, chifukwa kali ndi ntchito imene kagwira ndikuona ndi maso. Mnyamatayu atayamba, dzanja lake lamanzere linali ngati la mlendo. Lamanja likamenya kawiri, lamanzere linkabwera mochedwa, mofooka, ngati lakakamizidwa. Mphunzitsi anamuyika pa buku lakale la George Lawrence Stone lotchedwa Stick Control, limene linatuluka mu 1935 ndipo mpaka lero oimba ng'oma amalilemekeza. Tsamba lake loyamba ndi mizere ya manja okhaokha, lamanja ndi lamanzere kusinthana m'njira zosiyanasiyana, ndipo mwini buku amalangiza kubwereza mzere uliwonse maulendo 20 osaima. Palibe chokoma kumva pamenepo. Koma patatha miyezi isanu ndinatseka maso kumumvetsera, ndipo sindinathe kusiyanitsa dzanja limene likumenya. Kabuku kanachita zimenezo. Kanasandutsa ntchito yotopetsa kukhala manambala okwera, 60, 72, 84, 96, ndipo mwana amakonda kuona nambala yake ikukwera. Ine ndinakula ndi ng'oma kwathu ku Dedza, koma dzanja langa lamanzere ndi laulesi mpaka lero, chifukwa panalibe munthu amene anakhala nane pansi kuliwongola.

Maganizo amene ali kuseri kwa kabukuka ali ndi mbiri yake. Mu 1993 katswiri wina wa za maganizo a anthu, K. Anders Ericsson, pamodzi ndi anzake awiri, anafalitsa kafukufuku wa ophunzira vayolini pa sukulu ya nyimbo ku Berlin. Anapeza kuti amene aphunzitsi ankawaona kuti ndi akatswiri anali atathera maola ochuluka kwambiri akuyeserera paokha, pafupifupi 10,000 pofika zaka 20. Malcolm Gladwell anatenga nambala imeneyi n'kuimwaza dziko lonse m'buku lake la 2008, Outliers, ndipo kuyambira pamenepo kholo lililonse lolipira maphunziro a nyimbo limafuna kuwerenga maola. Mu 2014 Brooke Macnamara ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa nkhaniyi napeza kuti pa nyimbo, kuyeserera kotereku kumafotokoza pafupifupi 21 peresenti ya kusiyana kwa luso pakati pa oimba. Si pang'ono, koma si zonse. Chimene chimandivuta ine si nambalazo. Ndi mawu akuti paokha. Woimba vayolini akhoza kuima yekha pamaso pa anthu, nyimbo yake n'kukhala yathunthu. Woimba ng'oma ntchito yake ndi kunyamula anthu ena. Kabuku kabwereka muyeso wa chida china n'kuuika pa ng'oma osafunsa ngati ukukwana.

Ndinaziona bwino pa chionetsero cha kumapeto kwa teremu yachitatu. Chinachitikira mu holo yaing'ono, makolo titakhala pa mipando ya pulasitiki, mafoni m'mwamba. Ana ambiri anaimba motsatira nyimbo yojambulidwa kale yochokera pa laputopu, monga momwe amachitira pa mayeso a Trinity kapena Rockschool. Wathu anaimba bwino kwambiri, ndipo sindikunena chifukwa ndi wathu. Timitengo tinkadumpha mofanana, msana uli chilili, nkhope ili phee. Ndinawomba m'manja mpaka kuwawa.

Chakumapeto mphunzitsi anachita chinthu chimene ndimamulemekeza nacho: anatseka laputopu n'kuitana mnzake wa gitala ndi mtsikana wina woimba pakamwa, kuti ana atatu otsogola aimbe ndi anthu amoyo. Wathu anali woyamba. Ndime yoyamba inayenda. Pobwerera ku kolasi mtsikana uja anapuma motalikirapo, mwina mantha, n'kulowa mochedwa ndi kugunda kumodzi. Wa gitala anamva, anamudikira. Mnyamata wathu sanamve kalikonse. Anapitiriza ndendende pamene metronome ya m'mutu mwake inkamuuza, ndipo kwa mizere inayi yathunthu ng'oma inali kutsogolo, nyimbo ili pambuyo, ngati ngolo yothawa ng'ombe zake. Mtsikana anayamba kumuyang'ana, wa gitala anagwedeza mutu kumukodola, koma maso a mnyamata anali pa timitengo take. Atamaliza anatsika akumwetulira. M'galimoto anandiuza kuti, "Amalume, ine sindinalakwitse. Analakwitsa ndi iyeyo." Ndipo ankanena zoona. Malinga ndi zonse zimene kabuku kanamuphunzitsa kuwerengera, sanaphonye ngakhale kamodzi.

Wachitatu anali mnyamata wamkulupo wa ku Tlhabane, amene ndinamva kuti kabuku kake kamakhala koyera, kopanda ndi siginecha yomwe. Amaimba ng'oma kutchalitchi kwawo Lamlungu lililonse, mapemphero a maola atatu. Mtsikana uja anachedwanso pa malo omwe aja. Mnyamatayu sanaoneke ngati waganiza n'komwe: anangowonjezera kugunda kumodzi pa ng'oma yaing'ono, ngati munthu wogwirira mnzake chitseko, onse n'kulowa limodzi. Makolo ambiri sanadziwe kuti pachitika kanthu. Komatu ndisamukometsere. Timitengo anatigwira ngati akugwira khasu, mapewa ali m'makutu, ndipo paliponse pamene ankazungulira ng'oma zonse ankathamanga, nyimbo n'kutha ili ndi liwiro loposa limene inayambira. Akapitiriza kugwira choncho mikono idzamupweteka asanafike zaka 30. Akusowa labala ija. Koma ndikanakhala woimba pakamwa, ndikanasankha iyeyo kumbuyo kwanga, ndipo sindikanaganiza kawiri.

Usiku umenewo ndinakumbuka momwe ife tinaphunzirira. Sindikamba za kudambwe, zimenezo zili ndi eni ake. Ndikamba zimene mwana aliyense wa m'mudzi wa Achewa amaona pabwalo masana, Gule Wamkulu akatuluka. Ng'oma sizikhala imodzi. Pali zing'onozing'ono zolira mokweza monga tete, pali mpanje wautali, pali gunda wa mawu akulu, ndipo pali mbalule imene imayankhula ndi wovina. Zinazo zimagwira njira yake iliyonse osaisiya, ndipo njirazo sizifanana. Zimalowana ngati zala za manja awiri, kugunda kwa uyu kugwera m'mpata umene mnzake wasiya. Wa mbalule maso ake sakhala pa chikopa. Amakhala pa mapazi ndi m'chiuno mwa gule, ndipo nthawi zina simungadziwe ngati ng'oma ikutsata phazi kapena phazi likutsata ng'oma. Pambali pamakhala moto wa udzu wowambira zikopa zikafooka, ndi phula lomata pakati pa chikopa kuti mawu atsike. Ntchito yoyamba ya mnyamata wofuna ng'oma inali imeneyo, kusonkha moto ndi kunyamula ng'oma kupita nayo kukawamba. Unkamva kulira kwake kukusintha m'manja mwako usanaloledwe kuimenya pagulu.

Kuyeserera kwathu kunali pa zitini, pa zigubu, pa ndowa yobooka, kudambo tikuweta mbuzi kapena madzulo mwezi ukawala. Ndikawerengera bwino, tinkapitirira mphindi 20 kutalitali. Koma sindikumbuka tsiku limodzi limene ndinaimba ndekha. Ukayamba kumenya chitini, wina ankabwera ndi chake, ndipo sankamenya zimene ukumenya iwe, ankafuna mpata wako. Phunziro lalikulu linali kugwira njira yako pamene mnzako akukukoka ndi yake, osagwera mwa iye, komanso osamutaya. Wamkulu akafuna kukuthandiza ankakuyimbira njirayo pakamwa, kapena kukumenya nayo pamapewa ndi zikhatho kuti ilowe m'thupi. Mayeso analipo, ndipo anali pagulu. Ukasokoneza, amayi owomba m'manja ankayamba kuyang'anana, nyimbo n'kuzizira, wovina n'kuima. Kenako unkangomva dzanja paphewa, munthu wina n'kukhala pa ng'oma yako, popanda mawu.

Anthu a msinkhu wanga tikakhala kuno ku Joni timakonda kukamba za kumudzi ngati kunalibe chilema. Chinalipo. Njira imeneyi inkasankha amene ali kale ndi khutu, enawo n'kuwataya osawauza chimene alakwitsa. Dzanja la paphewa lija linandipeza ine kawiri, ndili pa mpanje, ndipo kachiwiriko sindinabwererenso. Palibe ananditsata kudzandiuza kuti vuto ndi dzanja lamanzere, kuti likhoza kuwongoka ndi mizere ingapo tsiku ndi tsiku. Ndinangodziwa kuti ng'oma si yanga. Mlongo wanga, mayi wa mnyamata uyu, anali ndi khutu loposa langa, koma pabwalo la gule malo ake anali owomba m'manja, ngakhale kuti ku chinamwali amayi amaimba ng'oma okha ndipo amaimba mwaluso. Mphunzitsi wa ku Rustenburg amalandira mwana aliyense, mtsikana kapena mnyamata, wa khutu kapena wopanda, ndipo ali ndi njira yomusunthira kuchoka pamene ali. Zimenezo si zochepa, ndipo amene anatayidwa ngati ine sangazinyoze.

Sikuti kwathu kunalibe kaundula kapena mwambo wa pulakatisi. Aliyense amene anaonapo gulu la mganda ku Dowa kapena ku Ntchisi, kapena malipenga ku Nkhata Bay, likukonzekera mpikisano m'chilimwe, akudziwa kuti kumakhala kukhwimitsa zinthu koposa kwa mphunzitsi wathuyu. Amakumana madzulo ndi madzulo, ali ndi maudindo ngati a asilikali, sitepe imodzi amaibwereza mpaka fumbi litakwera, ndipo wojomba amayankha mlandu. Magule amenewa, pamodzi ndi beni wa ku Mangochi, anatengera perete ndi mabandi a asilikali a nthawi ya atsamunda, nkhani imene Terence Ranger anailemba m'buku lake la 1975 lonena za beni. Chondiseketsa n'chakuti mizere imene mnyamata wathu amamenya pa labala, imene bungwe la Percussive Arts Society linaisanja kukhala 40 mu 1984, nayonso inachokera ku ng'oma za asilikali a ku Ulaya ndi America. Agogo ake ndi amodzi. Koma mganda unatenga kwa msilikali kuyenda pamodzi, labala inatenga manja okha. Kaundula wa mganda amafunsa ngati unabwera pamene anzako anasonkhana. Kabuku kathu kamafunsa ngati unatseka chitseko.

Wina anganene kuti kusukulu ana amaimba pamodzi, ndipo n'zoona, masukulu ambiri kuno ali ndi ola la zimene amati ng'oma za chiAfirika. Ndinakaonerako. Ana 30, aliyense ndi djembe pakati pa miyendo, ng'oma ya ku Guinea ndi Mali imene inafalikira dziko lonse kudzera mwa akatswiri monga Mamady Keïta. Wotsogolera amamenya, ana onse n'kubwereza chimodzimodzi nthawi imodzi. Ana amasangalala, ndipo phokoso lake limakoma. Koma ku Guinea komweko djembe siimbidwa choncho, imakhala ndi ng'oma zinzake zogwira njira zosiyana. Anthu 30 omenya chinthu chimodzi sakuphunzira kumverana. Wosochera amangobisala m'phokoso la anzake.

Tsopano ndinene mlandu wanga. Mwa masiginecha anga onse aja, ena ndi abodza. Pali masiku amene mnyamata anachita mphindi 8, ine n'kulemba 20, chifukwa ndinatopa, chifukwa sindinkafuna kuti mphunzitsi aone ngati kwathu kulibe mwambo, chifukwa ndife alendo m'dziko lino ndipo mlendo safuna kuoneka wosalongosoka. Ndikukhulupirira kuti si ine ndekha kholo lochita zimenezi, ndipo kabuku kodalira siginecha ya munthu wotopa kamayeza ulemu wa banja koposa luso la mwana. Koma bodza limenelo silindipweteka kwambiri. Chimene chimandipweteka chinachitika Loweruka lina, patapita sabata ziwiri chichitikireni chionetsero chija. Mnansi wathu wa shifiti ya usiku anali atapita kwawo ku Eastern Cape, ndiye kunalibe woopa kumudzutsa. Ndinatenga ndowa yochapira, mnyamata ndinamupatsa chigubu cha malita 20, tinakhala pakhonde la kuseri. Ndinamupatsa njira yophweka, ine n'kulowa m'mipata yake. Kasanu konse anagwera mwa ine, kusiya yake n'kuyamba kumenya yanga. Kachisanu ndi chimodzi anagwira. Ndinaona nkhope yake ikusintha pamene anamva chinthu chachitatu chikutuluka pakati pathu, nyimbo imene panalibe aliyense wa ife amene ankaimenya. Ndinayamba kuchedwetsa dala, iye n'kuchedwa nane. Ndinathamanga, anandithamangira. Tinatha ola lathunthu ndi kupitirira.

Titalowa m'nyumba anatenga kabuku kake n'kuima nako. Anafunsa, "Amalume, zimenezi tilembe?" Ndisanayankhe anayang'ana mizere ija, malo a mphindi, malo a liwiro la metronome, n'kudziyankha yekha kuti, "Ayi, sinali pulakatisi. Timangosewera." Analowa kuchipinda, natseka chitseko, ndipo ndinamva labala ikuyamba, kuti akwanitse mphindi zake 20 za tsikulo.

Apa ndi pamene ndimakaimba mlandu kabukuka. Kusakwanira kokha si mlandu, palibe muyeso umene umayeza zonse. Koma mwana wa zaka 11 sadziwa kuti muyeso uli ndi malire. Iye amaona kuti chimene chili ndi mzere wake ndiye chenicheni, chopanda mzere ndi masewera. Ola limene anaphunzira chinthu chimene chinamugwetsa pa chionetsero, iye mwini analitaya kunja kwa maphunziro ake, ndipo anatero chifukwa ndi mwana womvera.

Ndinakakamba ndi mphunzitsi Lachitatu lotsatira. Ndi munthu wodziwa ntchito yake ndipo sanadzitchinjirize. Anati chimene ndinaona pa chionetsero iyenso anachiona, ndipo n'chifukwa chake anaitana wa gitala uja. Koma anandikumbutsa kuti makolo amalipira mwezi ndi mwezi ndipo amafuna kuona chimene agula, kuti satifiketi ya giredi imathandiza mwana pofunsira malo kusukulu zina, ndiponso kuti kusonkhanitsa ana anayi pa ola limodzi, m'tauni imene makolo ake amasinthana mashifiti, n'kovuta kuposa kuphunzitsa mmodzimmodzi. Zonsezi ndi zoona. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti pa tsamba lililonse awonjezere mzere wofunsa kuti sabata ino waimba ndi yani. Anati aganizira. Timabuku ta teremu ino tinali titadindidwa kale.

Pakadali pano ndinapita naye mnyamata ku mpingo wa Amalawi umene timasonkhana m'kalasi ya sukulu ina Lamlungu. Ndinauza amayi otsogolera kwaya kuti mwanayu akuphunzira ng'oma, wafika patali ndithu. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumupatsa chisekese. Mnyamata anandiyang'ana ngati ndamugulitsa. Amayiwo anati, "Ng'oma ili ndi mwini wake, mwanawe. Iwe uyambe wamva kaye mapazi a azimayiwa." Pa nyimbo yoyamba anathamanga, amayi ena a kutsogolo n'kutembenuka kumuyang'ana. Pa yachiwiri ndinaona maso ake achoka pa chisekese, ali pansi, pa mapazi a mzere woyamba, pamene zitenje zinkakhudza simenti. Pobwerera sanayankhule mpaka tinadutsa maloboti a pafupi ndi Waterfall Mall. Kenako anati amayi aja amachedwa pang'ono pa mzere wachitatu uliwonse, onse pamodzi, ndipo anafuna kudziwa ngati amachitira dala.

Madzulo ake anabweretsa kabuku kuti ndisayine. Pa Lamlungu anali atalemba 0. Ndinatenga cholembera, m'mphepete mwa tsamba mmene mulibe mzere ndinalemba kuti chisekese, kwaya, nyimbo zinayi, n'kusayina pamenepo.